Wophunzitsa Kuwerenga Ayesedwe Pamaso pa Mwana

Pali ana m'sukulu za m'boma la Mambwe amene amadziwa phazi la nyama iliyonse yodutsa kumunda kwawo, amakamba nthano yaitali osadumpha ndime, amabweza chenje pamsika wa ku Mfuwe mosalakwitsa, koma ukawatsegulira buku amauma pakamwa. Chala chimaima pa mawu oyamba, milomo imagwedezeka popanda chotuluka, maso n'kuthawira pa chithunzi kuti mwina chiwanong'oneze zimene zalembedwa. Mwana wotere akamafika Giredi 4 amakhala ataphunzira luso lina, loloweza zimene mnzake wa pambali wawerenga n'kuzibwereza ngati akuziona papepala. Kunyumba amati ndi waulesi, kusukulu amati ndi wouma mutu, ndipo iye mwini amavomera zonse ziwiri. Ena mwa ana amenewa ali ndi vuto limene akatswiri amalitcha dyslexia, ndipo njira yowathandizira ndi yodziwika. Chikusowa ndi munthu woti kholo kapena mphunzitsi wamkulu angamuloze n'kunena motsimikiza kuti uyu ntchitoyi amaidziwa. N'chifukwa chake ndikuti Zambia ikhazikitse mayeso ndi satifiketi yapadera ya ophunzitsa kuwerenga. Mayesowo akhale a m'chilankhulo chimene mwana akuwerengera, achitikire pamaso pa mwana weniweni, ndipo akhale oti mphunzitsi wa kwa Nsefu kapena kwa Malama angawakonzekere osasiya kalasi lake.

Vutoli linadziwika kalekale. Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Germany, ndiye analipatsa dzinali mu 1887, ndipo mu 1896 dokotala wa ku England, Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 wochenjera pa zina zonse koma wokanika kuwerenga. Poyamba anthu ankaganiza kuti cholakwika chili m'maso. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti kawirikawiri gwero lake lili m'mene ubongo umaphwanyira mawu olankhulidwa kukhala timaliwu, n'kulumikiza liwu lililonse ndi lembo lake. Mwanayo amamva bwinobwino mawu akuti "nyumba", koma kuwagawa kuti nyu-mba, kenako kupeza maliwu a m'kati mwa phatikizo lililonse, kumamuvuta kuposa anzake. M'mabanja ena vutoli ndi la kumtundu, ndipo silisonyeza kuchepa kwa nzeru. Ku America, m'zaka za m'ma 1930, Samuel Orton ndi Anna Gillingham anakonza njira yophunzitsira ana otere mwapang'onopang'ono, liwu limodzi kenako linzake, mwana akuona lembo, akulimva, akulitchula ndi kulilemba ndi chala nthawi imodzimodzi. Lero munthu wofuna kuti bungwe la Academic Language Therapy Association limuvomereze ngati katswiri wothandiza ana a dyslexia amayenera kuphunzira maola 200, kuphunzitsa ana enieni maola 700 moyang'aniridwa, kuonetsa maphunziro khumi pamaso pa womuunika, ndipo akatha zonsezi m'pamene amalowa m'chipinda cha mayeso. Taonani kagawidwe ka maolawo: a pambali pa mwana akuposa a m'buku katatu ndi theka.

Kwathu kuno pomangira palipo. Sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko muno inatsegulidwa ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905, kotero chigawo cha Kum'mawa sichikuyamba lero kusamala ana ofunika thandizo lapadera. Ku Lusaka kuli ZAMISE, koleji imene inayamba mu 1971 yosula aphunzitsi a ana olumala, ndipo yunivesite ya UNZA imapereka madigiri a mbali yomweyi. Lamulo la Teaching Profession Act la 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, kumene mphunzitsi aliyense amayenera kulembetsa ndi kutenga chiphaso chogwirira ntchito. Koma chiphasocho chimangonena kuti munthuyu ndi mphunzitsi wovomerezeka. Sichinena ngati angathe kukhala pansi ndi mwana wa zaka khumi amene wakanika kuwerenga zaka zitatu n'kupeza pamene pakumukanikira. Komanso tikamva za maphunziro apadera, ambiri timaganiza za ndodo yoyera, za Braille, za chilankhulo cha manja, zinthu zooneka ndi maso. Mwana wa dyslexia alibe chomuzindikiritsa. Amathamanga, amaseka, amakatunga madzi kumjigo monga anzake, motero palibe womulembera kalata yoti akaunikidwe. Amangokwera nawo makalasi mpaka mayeso a Examinations Council of Zambia atamugwetsa, kapena mpaka iye mwini atatopa n'kuleka kupita.

Munthu woganiza bwino angafunse kuti: tikambirenji za ana ochepa pamene ana ambirimbiri sakuwerenga? Funsoli ndi lolemera. Zotsatira za kafukufuku wa PISA for Development, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti mwa ophunzira 100 a zaka 15 m'Zambia, pafupifupi asanu okha ndiwo anafika pa mlingo woyambira wa kuwerenga momvetsa. Kuyambira Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi, makalasi adzaza thothotho, ndipo m'kalasi lotere mwana wosawerenga nthawi zambiri amakhala mwana amene sanaphunzitsidwe mokwanira basi. Ndikuvomereza zonsezi, ndipo zikundilimbitsa maganizo. Mwana wa dyslexia sungamudziwe asanaphunzitsidwe bwino, chifukwa chimamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti iye amatsalirabe ngakhale alandire phunziro labwino. Ndiye kuti ntchito yoyamba ya katswiri amene ndikunenayu ndi kukonza kaphunzitsidwe ka Giredi 1 ndi Giredi 2 pasukulu yonse. Ndipo njira imene imapulumutsa mwana wa dyslexia, yophunzitsa maliwu ndi malembo momveka ndi mwandondomeko, ndi yomweyo imene lipoti la National Reading Panel la ku America mu 2000 ndi lipoti la Jim Rose la ku England mu 2006 anapeza kuti imathandiza ana onse oyamba kumene. Kusula katswiri mmodzi pa zoni ya sukulu n'kuthandiza kalasi lonse limodzi ndi mwana wotsalirayo.

Palinso oti tisadzivutitse, poti masiku ano mphunzitsi wokhala ndi foni ndi ndalama angalembetse maphunziro a pa intaneti a ku America kapena ku Britain n'kulandira pepala lake. Khama la mphunzitsi wotere ndi loyamikika, ndipo m'maphunzirowo muli zambiri zoona. Koma mbali yaikulu ya mayeso akunjawo ndi ya kalembedwe ka Chingerezi, chilankhulo chokhala ndi maliwu oposa 40 olembedwa ndi malembo 26, m'mene lembo limodzi limatha kumveka mosiyanasiyana. Chinyanja sichili choncho. Malembo a liwu ndi asanu, ndipo "a" wa m'mawu akuti "amayi" ndi yemweyo wa m'mawu akuti "madzi". Kusiyanaku kumasintha maonekedwe a vutolo. Mu 2003, Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana a zilankhulo 13 za ku Ulaya n'kupeza kuti ana a ku Finland, Italy, Greece ndi Spain amawerenga mawu osavuta pafupifupi mosalakwitsa pakutha pa chaka choyamba, pamene ana ophunzira m'Chingerezi amafuna nthawi yoposa kawiri kuti afike pomwepo. Mu 2001, Eraldo Paulesu ndi anzake anaunika ubongo wa anthu a dyslexia a ku England, France ndi Italy, n'kupeza kuti vuto la mu ubongo ndi limodzi, koma a ku Italy sankalakwitsa kwambiri powerenga chifukwa kalembedwe kawo n'kolunjika. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mwana wa dyslexia wa ku Mambwe angathe kuwerenga ndime ya Chinyanja molondola, koma mokoka kwambiri, phatikizo ndi phatikizo, moti akamafika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale chiyambi chake. Mphunzitsi wophunzitsidwa kuwerengera zolakwa zokha amudutsa mwanayu n'kumulemba kuti ali bwino. Wathu ayenera kudziwa kugwira wotchi n'kuona mawu angati mwanayo akuwerenga pa mphindi imodzi, n'kumufunsa zimene wamvamo.

Chinyanja chilinso ndi misampha yake imene buku la ku America silingaitchule. Mwana amene khutu lake silisiyanitsa bwino maliwu amalemba "pala" pofuna "phala", "kola" pofuna "khola". Amasokonezeka pakati pa chiyambi cha "ngoma" ndi cha "ng'ombe". Amagwa pa malembo ounjikana a m'mawu ngati "nkhwangwa", "ntchentche" ndi "mphwanga", m'mene malembo atatu kapena anayi amatsogolera lembo la liwu limodzi. Pali kalembedwe ka ku Zambia kamene kamalemba "cimanga" pamene mabuku ochokera ku Malawi amalemba "chimanga", ndipo mabuku a mitundu iwiriyi amapezeka m'manja mwa mwana mmodzi. Palinso chizolowezi chimene ambiri tinakula nacho, chotchula malembo ndi mayina ake a Chingerezi. Mphunzitsi akaloza "m" n'kunena kuti "emu", mwana wachangu amadziwa yekha chochita, koma wovutikayo akaona "ma" amayesa kunena "emu-a" ndipo amathera pomwepo. Pamene sewero la pafoni la GraphoGame, limene anayambitsa Heikki Lyytinen wa ku yunivesite ya Jyväskylä ku Finland, linayesedwa m'Chinyanja m'sukulu za ku Lusaka mogwirizana ndi akatswiri a ku UNZA, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti ana anapindula kwambiri pamene aphunzitsi awonso analisewera. Aphunzitsi nawonso amafunika kuphunzira maliwu, ndipo mayeso athu ayenera kuwamvetsera akuwatchula ndi pakamwa.

Chigwa cha Luangwa, kumene kuli boma la Mambwe, chili ndi nkhani inanso. Mwana wa kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya kapena kwa Jumbe amakula akulankhula Chikunda, ndipo Chinyanja cha m'buku, chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zigwiritsidwe ntchito m'sukulu, amakumana nacho bwinobwino atalowa m'kalasi. Zilankhulozi n'zapachibale koma si chimodzi. Mwana angazengereze pa mawu chifukwa chakuti kwawo sawatchula choncho, osati chifukwa ubongo wake ukuvutika. Wina anajomba mwezi wathunthu chifukwa mtsinje wa Lupande unadzaza, wina amachedwa m'mawa podikira njovu zichoke panjira, wina amagona m'kalasi chifukwa anachezera kulondera mapira. Wina khutu likutuluka mafinya ndipo sakumva bwino, wina saona pabolodi, wina anadwala malungo aakulu ali wakhanda, wina wabwera osadya kanthu monga zinalili m'chilala cha 2024. Ana onsewa amaoneka chimodzimodzi akatsegula buku, koma thandizo lawo ndi losiyana. Luso lalikulu la katswiri ndi kusiyanitsa, kudziwa amene afunika kutumizidwa ku kiliniki kapena ku chipatala cha Kamoto kuti akamuone makutu ndi maso, amene afunika phala, amene afunika kungobwezeredwa maphunziro amene anaphonya, ndi amene afunika kukhala naye payekha tsiku ndi tsiku. Luso lotere silingayesedwe ndi mafunso osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D.

Tsono mayesowo akhale otani? Pepala lolemba likhalepo, lofunsa za maliwu a Chinyanja ndi a Chingerezi, za m'mene mwana amakulira m'kuwerenga, ndi za kayesedwe ka ana. Chingerezi sichingasiyidwe, pakuti ndondomeko ya chilankhulo chophunzitsira yakhala ikusintha, kuchokera pa Chingerezi chokha mu 1966, kubwera kwa New Breakthrough to Literacy cha m'ma 1999, kenako silabasi ya 2013, koma pa kusintha konseku mwana wakhala akuyenerabe kuwoloka kupita ku Chingerezi, ndipo powolokera pamenepa m'pamene wa dyslexia amamira kachiwiri. Komabe mamakisi ambiri achokere pa ntchito ya m'kalasi. Woyesedwayo asankhe ana awiri kapena atatu otsalira, awayese poyamba, alembe pamene aliyense waima, awaphunzitse matemu awiri, n'kusunga kope la tsiku lililonse. Woyesa abwere adzakhale kumbuyo n'kumaonerera. Aone mphunzitsi akuyala zitsekerero za mabotolo zitatu pa desiki, mwana akukankha chimodzi pa phatikizo lililonse la "chi-ma-nga". Aone mwana akulemba "b" ndi chala pamchenga uku akutchula liwu lake. Makamaka aone zimene mphunzitsi amachita mwana akalakwitsa: kodi amamuuza yankho msangamsanga kuti zithe, kodi amakwinya nkhope, kapena amabwerera pambuyo pang'ono pamene mwanayo anaponda bwino n'kuyambiranso pomwepo? Mphindi zisanu zotere zimaulula zambiri kuposa maola atatu a m'holo ya mayeso.

Kukonzekera mayeso otere sikufuna kuti mphunzitsi asamukire ku Lusaka zaka ziwiri. Unduna wa Zamaphunziro uli kale ndi njira yofikira aphunzitsi kumene ali: ofesi ya zamaphunziro ya paboma (DEBS), malo othandizira aphunzitsi a paboma ndi a m'mazoni, misonkhano ya aphunzitsi pasukulu, ndi chizolowezi chokonza phunziro limodzi n'kuonererana. Ulinso ndi BASAT, chida choyesera maluso oyambirira a kuwerenga ndi kulemba chimene chinakonzedwa mothandizana ndi akatswiri a ku Finland. Ndipo pali Catch Up, imene inayamba kuyesedwa mu 2016 m'zigawo za Kum'mawa ndi Kum'mwera, m'mene ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi n'kuikidwa m'magulu molingana ndi pamene afika, kaya ndi pa malembo, pa mawu, pa ndime kapena pa nkhani. M'mabuku a Catch Up muli kale mayina a ana amene ndikuwanena. Ndi aja amene anzawo akukwera gulu temu iliyonse koma iwo adakali pa malembo chaka chonse. Mphunzitsi wofuna kuyamba kudzikonza lero atsegule buku limenelo, atenge mwana mmodzi wotere, azikhala naye mphindi makumi awiri tsiku lililonse, azilemba maliwu amene agwira ndi amene akuthawabe, ndipo apemphe mnzake kuti azimuonerera n'kumuuza zoona. Tchuthi cha Epulo ndi cha Ogasiti chingakwanire maphunziro a m'buku ku Chipata College of Education, aphunzitsi a ku ZAMISE ndi UNZA atabwera kudzathandiza.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi ndalama ndi kusamuka. Aphunzitsi atopa ndi mapepala olipira, ndipo aliyense wa m'chigwa muno amadziwa kuti mphunzitsi akawonjezera maphunziro, chotsatira nthawi zambiri ndi kalata yopempha kusamukira ku Chipata. Satifiketi yatsopano ikangokhala makwerero otulukira m'chigwa, ana a ku Msoro sadzaona phindu lake. Choncho mphunzitsi asalipire yekha, ndipo malipiro owonjezera amangiriridwe pa ntchitoyo ndi pamalopo, kuti wolandira satifiketi n'kutsala pa zoni yake azilandira, wochoka n'kuzisiya. Posankha oti aphunzire, ayambe ndi amene akhazikika kale, odziwa Chikunda, okhala ndi munda ndi banja m'deralo. Boma limene linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 lingakwanitse kusula katswiri mmodzi pa zoni iliyonse. Thumba lachitukuko la CDF, limene linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense chaka chomwecho, lamanga makalasi ndi kugula madesiki, ndipo anthu a m'dera la phungu la Malambo ali ndi ufulu wofunsa ngati kagawo kake sikangapite kwa munthu woimirira kutsogolo kwa madesikiwo. Chimodzimodzinso eni malo ogona alendo a ku South Luangwa ndi mabungwe ngati Project Luangwa, amene athandiza kwambiri sukulu za ku Mfuwe. Nyumba ya kalasi imaoneka bwino pa chithunzi chotumiza kwa opereka thandizo, koma ndikuwapempha aganizirenso za kulipirira maphunziro a mphunzitsi, amene phindu lake limaonekera m'kope la mwana.

Ena amaopa dzinalo. Amati kumutcha mwana wa dyslexia n'kumupachika chikwangwani chimene adzayenda nacho moyo wonse. Mantha amenewa ali ndi chifukwa, makamaka dzinalo likaperekedwa mofulumira ndi munthu wosadziwa, n'chifukwa chake ndikufuna mayeso okhwima. Koma mwanayu mayina ali nawo kale, ndipo ndi oipa kuposa limeneli. M'midzi ina amanong'onezana kuti analodzedwa, kapena kuti wina anamutenga nzeru. Nkhani zotere zimadanitsa abale, ndipo ndalama zimene zikanagula makope zimathera kwina. N'chifukwa chake kulankhula ndi kholo kukhale mbali ya mayeso. Woyesa amve mphunzitsi akuti: "Mayi, mwana wanuyu nzeru ali nazo, ndipo palibe amene wamuchita chipongwe. Chikumuvuta n'kugwirizanitsa maliwu ndi malembo. Ndizikhala naye tsiku lililonse tikaweruka, inu muzingomumvetsera madzulo akamawerenga mizere itatu iyi, ngakhale inuyo musawerenge." Mphunzitsi amene sangathe kunena zimenezi mwaulemu m'chilankhulo cha mayiyo sanakonzeke, ngakhale akhoze bwanji pepala lolemba.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kuwerenga kafukufuku akugwirizana nawo: thandizo loperekedwa mu Giredi 1 ndi 2 limagwira msanga kuposa loperekedwa mwana atakula, atazolowera kale manyazi ndi kubisala. Chaka chilichonse chimene tikuchedwa, ana ena akudutsa msinkhu umenewo. Teaching Council of Zambia ndiyo ili ndi mphamvu ya lamulo yoika mlingo wa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ingayambe ndi boma limodzi pofuna kuona ngati njirayi ikugwira. Ndikuti boma limenelo likhale Mambwe, chifukwa mayeso amene angayende bwino kumene mwana amalankhula Chikunda kunyumba, Chinyanja m'kalasi ndi Chingerezi pa mayeso adzayendanso bwino ku Katete ndi ku Petauke. Oyesa akonze maulendo awo pakati pa Meyi ndi Okutobala, misewu ya kwa Malama ndi ku Msoro ikamadutsika, ndipo asadikire aphunzitsi paboma koma apite okha m'makalasi mwawo.